Pulogalamu ndi yaulere, koma samalani pomwe mukuiika

Mukatsegula kabati ya magetsi m'fakitale, nthawi zambiri mupezamo kabokosi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa mapampu, mamota ndi mavalavu. Kamatchedwa PLC. Kanabadwa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya General Motors itatopa ndi kumasula mawaya nthawi iliyonse ikasintha mtundu wa galimoto. Ntchito yake ndi imodzimodzi: kumva zimene masensa akunena, kutsata malamulo amene anakapatsa, kulamula makina, n'kuyambiranso, kambirimbiri pa sekondi.

Ma PLC a Siemens kapena Allen-Bradley ndi okwera mtengo, ndipo pulogalamu yolembera malamulo ake kawirikawiri imafunanso laisensi. N'chifukwa chake amisiri ena atembenukira ku OpenPLC, pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala PLC, imene anayambitsa Thiago Alves wa ku Brazil. Ndi yaulere, aliyense akhoza kuona mmene inalembedwera, ndipo imatsata IEC 61131-3, muyezo wa padziko lonse wolembera malamulo a PLC, moti amene anaphunzira ladder logic (kulemba malamulo mojambula ngati makwerero) kukoleji sasochera.

Nkhani imavuta pofika posankha chipangizo choikamo pulogalamuyi. Ambiri amathamangira Raspberry Pi wamba, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja, ndipo patebulo amagwiradi bwino. Koma timapini take tolumikizirapo mawaya timalandira mavolti 3.3 basi, pomwe masensa a m'fakitale amayendera mavolti 24. Waya umodzi ukangolowa polakwika, bodi yapsa. Mota yaikulu ikamalira imasokoneza magetsi a m'mawaya oyandikana nayo, ndipo Pi wopanda chotchinga akhoza kukhulupirira kuti thanki yadzaza ili theka. Choopsa kwambiri kwathu kuno ndi kuthima kwa magetsi. Akathima Pi ali mkati molemba pa memori khadi, khadiyo ikhoza kuwonongeka, ndiye magetsi abwera koma pampu ili zii.

Mabokosi opangidwira ntchito imeneyi, monga Revolution Pi ya kampani ya ku Germany ya Kunbus, amalandira mavolti 24, amakoleka pa chitsulo cha m'kabati, ndipo amasunga pulogalamu mu memori yomatidwa pa bodi. Pogula, funsaninso za watchdog. Ndi kamlonda kamene kamadzutsanso makinawo pulogalamu ikauma. Ndalama imene mwapulumutsa pa laisensi, ine ndimati ipite kumeneku.

Kusunga nthawi nakonso n'kofunika. Linux wamba, pulogalamu yaikulu yoyendetsa Pi, nthawi zina amachedwa pang'ono chifukwa chotanganidwa ndi zina. Pampu ya thanki sizindikira n'komwe, koma makina othamanga otsekera mabotolo amalakwitsa. Mbali yothandiza Linux kusunga nthawi yotchedwa PREEMPT_RT, imene inalowa mu Linux 6.12 mu 2024, imachepetsa kuchedwako.

Pali ziwiri zimene sindinyengerera. Modbus, njira imene zida zambirizi zimalankhulirana, ndi ya mu 1979 ndipo sifunsa pasiwedi, choncho musailumikize pa intaneti mwachindunji. Batani lofiira loimitsira makina pangozi nalonso lidule magetsi kudzera pa waya wakewake, lisadikire pulogalamu, kaya yaulere kaya yogula.