Mbalamenso Zimafa ndi Malungo

Ambiri tinakula tikumva zoti mbalame zikamatha ndiye kuti anthu agwetsa mitengo basi, komanso ati malungo ndi a anthu okha. Ayi ndithu. Onani 'akikiki, kambalame kakang'ono kotuwa, koyera kumimba, kamene kamapezeka pachilumba cha Kaua'i chokha ku Hawaii. Kamayenda pamakungwa a mitengo ya 'ōhi'a nkumatokosa tizilombo, ndipo nkhalango yake ya Alaka'i ilipobe ili bwinobwino, koma pofika 2023 zotsala kutchire zinali zosakwana 10. Chikuzipha ndi malungo a mbalame ofalitsidwa ndi udzudzu.

Ku Hawaii kunalibe udzudzu mpaka unabwera ndi sitima cha m'ma 1826, ndiye mbalame zakumeneko matupi ake sadziwa kulimbana ndi malungowa, kulumidwa kamodzi kokha nthawi zina kwatha. Kale zinkapulumukira kumapiri kozizira koma pano kukutentha udzudzu wakwera nawo, zimandiwawa zedi poti kulibenso kothawira.

Si malungo athu aja, awa amafalitsidwa ndi udzudzu wa Culex. Pano akatswiri akumwaza udzudzu waumuna wokhala ndi bakiteriya wa Wolbachia kuti ukakumana ndi waukazi wakutchire mazira asamaswe.