Postfix, Exim kapena Sendmail: Tiike iti pa seva ya ofesi?

Mukadina Send, imelo yanu siuluka yokha kukagwa m'manja mwa mwiniwake. Pa seva pamakhala pulogalamu yogwira ntchito ya positi ofesi: imalandira kalata, kuwerenga keyala, kufunsa DNS (buku la makeyala a pa intaneti) kuti bokosi la wolandirayo lili pa kompyuta iti, kenako n'kukaipereka. Ife a ntchitoyi timaitcha MTA. Mabwana a maofesi akafuna imelo ya dzina la kampani yawo, funso lawo limakhala lomwelo: tiike iti?

Agogo a onse ndi Sendmail, yomwe Eric Allman analemba ku Berkeley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo intaneti inali ngati kamudzi komwe anthu amagona zitseko zosakhoma. Mu 1988 pulogalamu yowononga yotchedwa Morris worm inalowa m'makompyuta ambiri, ndipo imodzi mwa njira zomwe inadzera inali chibowo cha mu Sendmail. Fayilo yoikonzera, sendmail.cf, mukaitsegula mungaganize kuti nkhuku yapalasa pa kiyibodi. Ndikaipeza ikugwira ntchito ndimaisiya mwaulemu, koma sindiiyika pa seva yatsopano.

Daniel J. Bernstein anabwera ndi qmail, ndipo nzeru yake inali yogawa ntchito. M'malo mwa chipulogalamu chimodzi chosunga makiyi a nyumba yonse, anapanga timapulogalamu tingapo, kalikonse ndi kiyi wa chipinda chake chokha. Wakuba akathyola chitseko chimodzi, kwinako safikako. Mu 1997 analonjeza madola 500 kwa aliyense wopeza chibowo cha chitetezo. Vuto ndi lakuti qmail inaima pa 1.03 mu 1998, moti kuti igwirizane ndi zamasiku ano muyenera kuisokerera zigamba za anthu ena.

Postfix inatenga nzeru yomweyo yogawa makiyi. Anailemba Wietse Venema ali ku IBM ndipo inatuluka mu 1998. Kusiyana kwake, ikukonzedwabe mpaka lero, ndiponso fayilo yake, main.cf, munthu amaiwerenga n'kumva. Izi si zazing'ono: tsiku lomwe mnyamata wanu wa IT wapeza ntchito kwina, wolowa m'malo mwake ayenera kudziwa zomwe mnzake anasiya.

Exim ndi ya Philip Hazel, inayamba ku yunivesite ya Cambridge mu 1995. Ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa, chifukwa ndi yomwe imabwera ndi cPanel, pulogalamu yoyang'anira mawebusayiti pa seva, komanso Debian, mtundu wina wa Linux. Imapindika mulimonse mmene mukufunira. Ngati makalata anu ali ndi malamulo ovuta, akuti a uje adzere uku, a ujeni akanidwe, Exim sikukhumudwitsani. Koma ndi pulogalamu imodzi yaikulu, ndipo mu 2019 munapezeka chibowo cholola munthu wakutali kulamula seva yonse. Chigamba chinalipo, koma ambiri anachedwa kuchiika.

Ine ku ofesi wamba ndimaika Postfix, pamodzi ndi Dovecot yoti anthu aziwerengera makalata pa foni ndi pa laputopu.

Komabe madandaulo ambiri omwe amandipeza, akuti imelo zathu zikugwera mu spam, sachokera ku pulogalamu iliyonse mwa izi. Gmail sifunsa kuti mukuyendetsa Postfix kapena Exim. Imafunsa ngati dzina lanu mu DNS lili ndi SPF, yonena maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu; DKIM, yomwe ili ngati chidindo pa kalata; ndi DMARC, youza wolandira chochita ndi kalata yolephera mayeso awiriwo. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo amenewa, makamaka kwa otumiza makalata ambiri. IP yanu, nambala yodziwira seva yanu pa intaneti, ikakhala kuti inagwiritsidwapo ntchito ndi otumiza zinyalala, mbiri yoipayo imakutsatirani inu.

Nanga seva ikhale m'chipinda cha pa ofesi? Kuno kwathu ganizirani kaye za magetsi. Akazima kwa maola angapo makalata satayika, chifukwa seva yotumiza imasunga kalatayo n'kumayesabe. Postfix, ngati simunasinthe kalikonse, imayesa kwa masiku asanu isanaibwezere kwa mwiniwake. Koma kasitomala yemwe akudikira quotation masana ano sadikira masiku asanu, ndiye chifukwa chake ma seva ambiri omwe ndimayang'anira ndinawachita lendi ku data centre, nyumba yapadera yosungiramo maseva.