Za Chipembere ndi pantoni ya pa Liwonde

Kamuzu Day ikamayandikira pa Facebook pamakhala kulimbana, ena akuti Ngwazi anatimangira dziko, ena akuti anatizunza. Koma kuno ku Mangochi nkhaniyi akuluakulu amaiyankhula motsitsa mawu, poti zinayambira pakhomo pathu pompano.

Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri chilandilireni ufulu, Kamuzu anachotsa nduna zake Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi. Ankakangana za tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma komanso ubale wake ndi Apwitikizi. Henry Masauko Chipembere, nduna ya zamaphunziro, anali ku Canada nthawi imeneyo, atabwera anatula pansi udindo nkubwerera kwawo ku Malindi, komwe bambo ake anali wansembe wa Anglican. Boma linamuletsa kuyenda kutali ndi kwawo, iye nkuthawira kumapiri.

Ndiye usiku wa 12 February 1965 anatsika ndi anthu pafupifupi 200, nkulanda boma la Fort Johnston, Mangochi yathu yomweyi, kutenga mfuti kupolisi, kukwera magalimoto kulunjika ku Zomba komwe kunali likulu. Apa ndi pomwe ine ndimaima nthawi zonse. Kuti ufike ku Zomba umayenera kuwoloka Shire pa Liwonde, ndiye masiku amenewo munthu unkawoloka pa pantoni, osati zothamanga pa mlatho ngati ma minibasi a lero. Atafika anapeza pantoni ili tsidya linalo. Basi. Anthu 200 ndi mfuti zawo kuima m'mphepete mwa madzi, Zomba ili makilomita ngati 50 okha, kenako asilikali a boma nkufika, gulu lonse kubalalika kubwerera kutchire.

Mabuku a mbiri amanena kuti Chipembere ankayembekezera kuti ogwira ntchito m'boma ku Zomba, omwe ambiri ankamukonda, amuthandiza akangofika. Boma linkangoti ndi zigawenga. Akuluakulu akumudzi amasiyana pofotokoza ngati pantoniyo inasiyidwa uko mwadala kapena zinangochitika, ine pamenepo ndilibe mbali, koma ndikuona kuti ngakhale akanawoloka, asilikali nthawi imeneyo ankalamulidwabe ndi azungu, sizikanakhala zophweka.

Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho, anakhalako ku Tanzania, nkumwalira ku America mu 1975, matenda a shuga. Medson Silombela amene anapitiriza kumenya nkhondo anagwidwa, kuimbidwa mlandu wakupha, nkunyongedwa ku Zomba kumayambiriro kwa 1966 anthu oitanidwa akuonerera.

Koma amene analipira kwambiri ndi anthu wamba omwe mayina awo simungawapeze m'buku. Asilikali ndi a Payoniya ankasaka m'midzi, kuwotcha nyumba, munthu kungoganiziridwa kuti unapatsa chakudya anthu a Chipembere basi watengedwa, opanda khoti, ambiri kukatsekeredwa ku Dzeleka komwe lero kuli othawa kwawo. Za mudzi wa Moto, omwe anthu ake anatengedwa pafupifupi onse, amayi ndi ana omwe, mpaka pano mabanja amazikumbukira, ndipo chipukuta misozi chomwe chinalonjezedwa 1994 itadutsa ambiri akhala akudandaula kuti sanachione.

Ku Blantyre msewu waukulu uja pano umatchedwa Masauko Chipembere Highway, kale unali Kamuzu Highway. Ku Moto ndi ku Malindi anthu akufunsabe kuti boma lidzabwera liti kudzapepesa.