Khansa ya m'mawere si imodzi, funsani mtundu wa yanu

"Aneba athu anawadula bere koma anamwalirabe, nanga ine ndivutikirenji?" Mawu amenewa ndatopa nawo. Mayi, matenda a aneba anu ndi anuwa akhoza kufanana dzina lokha.

Ife azachipatala tikatenga kanyama ka chotupa n'kutumiza ku labotale, sitifuna kungomva kuti ndi khansa ayi. Timafuna kudziwa chimene chikuikulitsa. Khansa zambiri za m'mawere zimakula ndi mahomoni a chizimayi, makamaka estrogen. Papepala pamalembedwa ER positive. Ina ndi ya HER2, yothamanga, ndipo mankhwala ake a trastuzumab ndi odula kwambiri moti mayi wakumudzi sawapeza wamba. Yachitatu ndi triple negative, yosamva mapiritsi a mahomoni kapena trastuzumab, yofuna opaleshoni ndi mankhwala amphamvu opha khansa a chemotherapy msanga. Imeneyi imapezeka kawirikawiri mwa amayi akuda kuposa mwa azungu, n'zoona, koma zimenezi zisapangitse munthu kutaya mtima, chifukwa kuno ku Africa nakonso amayi ambiri khansa yawo ndi ya mahomoni.

Ndipo ya mahomoniyo mankhwala ake alipo, otchipa: tamoxifen, piritsi limodzi la 20 mg patsiku kwa zaka zosachepera 5. Akamwedwa mokhulupirika, pa amayi atatu amene akanamwalira ndi khansayi mmodzi amapulumuka. Safuna firiji, safuna makina.

Pali mayi wina amene mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Anali ndi ana aang'ono, chotupa chake chinali chisanapite patali, zotsatira zinabwera ER positive. Opaleshoni inayenda bwino, bala linapola. Mapiritsi anayamba kumwa, koma ankamva kutentha m'thupi n'kumatuluka thukuta usiku, ndipo mwezi uliwonse ndalama ya kabaza ndi minibasi inkadya chimanga cha m'nkhokwe. Wina anamuuza kuti poti bere analichotsa, matenda anapita nalo. Anasiya. Atabweranso anachita kumunyamula pa chitenje, msana ukumuwawa, miyendo itafooka. Anaonetsa mphini zatsopano m'chiuno monse, phulusa lakuda likadali m'mabala. Kwa sing'anga anamuuza kuti waponda mankhwala. Khansa inali italowa m'mafupa a msana. Mayi ameneyu anali ndi mtundu umene timautha ndithu. Kutentha m'thupi kuja tikanakambirana, mapiritsi akanamupatsa a miyezi ingapo nthawi imodzi. Palibe amene anamulondola atasowa, ndipo limenelo ndi vuto lathu azachipatala. Odwala a ma ARV timawatsatira mpaka kumudzi. A khansa tiwalekerenji?

Komabe mtundu wa khansa pawokha suweruza mlandu. Kafukufuku wa ABC-DO, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anatsatira amayi opitirira 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia. Patatha zaka 3, theka lokha ndi limene linali moyo. Ku Namibia, mwa amayi 100 achizungu 90 anali moyo, pamene mwa akuda anali 56 okha, dziko limodzi lomwelo. Ku Nigeria anali 36. Chachikulu chinali kufika mochedwa ndi kusamaliza chithandizo. N'chifukwa chake bungwe la WHO mu 2021 linaika cholinga choti mayi adziwe zotsatira zake pasanathe masiku 60 chionekereni kuchipatala.

Masiku 60 amenewo ambiri amathera m'njira. Chotupa sichikuwawa, ndiye tidikire tikolole kaye. Kenako mafuta odzozedwa, kenako mabotolo a zitsamba a pa WhatsApp olonjeza kusungunula chotupa. Palibe chotupa cha khansa chimene chimasungunuka ndi zimenezo. Choopsanso china ndi kungochotsa chotupa pa kachipatala kena n'kuchitaya osachiyezetsa. Musalole. Kanyamako kaikidwe msanga m'mankhwala osungira a formalin, chifukwa kakachedwa zotsatira zimatha kunama kuti si ya mahomoni, mayi n'kumanidwa tamoxifen amene akanamuthandiza.

Mukapeza chotupa m'bere kapena mwanabere wosatha m'khwapa, pitani sabata yomweyo, ndipo akakupatsani panado yekha pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central, Queens kapena Mzuzu. Zotsatira zikabwera, funsani kuti ndi ER positive kapena ayi, ndipo zilembedwe m'buku lanu lakuchipatala. Ngati muli pa tamoxifen ndipo mukutaya magazi mosayembekezereka kapena mwendo watupa, bwerani msanga tidzakuoneni. Osangosiya nokha kunyumba.