Khutu likamatuluka mafinya, musathiremo chilichonse

Mlungu sutha ndisanalandire munthu amene wadzivulaza khutu ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku. Yankho lake limakhala limodzimodzi: "Ndimangochotsa chikonga, adokotala." Chikongacho si litsiro ayi. Chimakola fumbi ndi tizilombo, ndipo chimatuluka chokha pang'onopang'ono mukamatafuna ndi kulankhula. Mukamatokosa mumangochikankhira mkati, kufupi ndi nembanemba imene ili masentimita awiri ndi theka okha kuchokera pakhomo la khutu.

Nembanembayi ndi yopyapyala ngati khoko la anyezi. Phokoso likaigunda imanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, n'kugwedeza timafupa titatu tolumikizana. Kachitatu ndiko kafupa kakang'ono kwambiri m'thupi lonse, sikafika n'komwe pa njere ya mpunga. Kameneka kamakankha madzi a m'kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, momwe muli timaselo toposa 15,000 tokhala ndi titsitsi. Madzi akavinduka, titsitsito timapindika, uthenga n'kuyenda mu mtsempha mpaka ku ubongo. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Anyamata ogaitsa m'chigayo tsiku lonse osatseka makutu, mwamva?

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi mafinya. Sindimuiwala mnyamata wina amene anabwereza Sitandade 3 kawiri. Kusukulu ankamunena kuti ndi wamwano, akamuitana sayankha. Kunyumba makofi. Makutu onse awiri anali atatuluka mafinya zaka zitatu, ndipo mayi ake anandionetsa kabotolo ka madzi a masamba obiriwira amene munthu wina wa pamsika ankawagulitsa. Anali atayesanso mafuta ophikira. Nditaunika, nembanemba zonse zinali zobooka, ndipo kumanzere timafupa tina tinali titadyeka kale.

Nthawi zambiri zimayamba ndi chimfine wamba. Pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kupita kuseri kwa nembanemba, ndipo mwa ana ndi kakafupi, kogona chopingasa, choncho majeremusi amadutsa mosavuta. Mafinya amadzaza, mwana amalira usiku wonse atagwira khutu, kenako nembanemba imaphulika ndipo ululu umatha. Apa m'pamene makolo amati wachira. Sanachire, pabooka! Chilichonse chimene mungathiremo tsopano chikulowa mkati mwenimweni.

Mnyamata uja akanabwera mwezi woyamba, mankhwala a kuchipatala ndi kupukuta bwino khutu zikanakwanira, bowolo likanatha kutsekeka lokha. Panopa amavala kachipangizo kothandiza kumva, ndipo amakhala kutsogolo m'kalasi kuti aziona milomo ya aphunzitsi.

Mukaona mafinya, pukutani kunja kokha ndi kansalu koyera, posamba madzi asalowemo, ndipo mawa lomwe pitani kuchipatala. Kuseri kwa khutu kukatupa, kapena mwana akatentha thupi khosi n'kuuma, musadikirenso kuti kuche.