Chifukwa chake ma earbuds amakudulirani foni musanawatume

Kupatula masikirini osweka ndi mabatire otupa, dandaulo lomwe limafika kwambiri pa benchi yanga yokonzera mafoni kuno ku Kasungu ndi la ma earbuds, timahedifoni topanda nthambo tija. Wina akuti nyimbo ikumaima yokha. Wina akuti anangofuna kukankhira kachipangizoko m'khutu, foni n'kuduka ali pakati pokambirana mtengo wa soya ndi venda. Ambiri amabwera atagamula kale kuti anawagulitsa feki, koma ndikayesa, nthawi zambiri katunduyo amakhala ali bwinobwino.

Pamwamba pa ma earbuds ambiri palibe batani. Kuseri kwa pulasitiki kuli kachitsulo kopyapyala kosunga timagetsi tochepa kwambiri, ndipo ka chip, kaubongo kakang'ono ka chipangizochi, kamakhala kakuyeza timagetsi timeneti mosalekeza. Thupi la munthu lili ndi madzi ndi mchere, choncho magetsi amadutsamo. Chala chikayandikira, muyezo uja umasintha, ka chip n'kuwerenga kuti mwagunda. Sikirini ya foni yanu imamvanso chala mwa njira yomweyi.

Tsoka lake, ka chip sikachidziwa chala. Thukuta nalo ndi madzi amchere. Wakabaza akamapalasa kuchoka ku depoti dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, thukuta likuyenderera kuseri kwa khutu, nyimbo imamudumphira manja onse ali pa handulo. Mvula yowaza, tsitsi lonyowa, duku lomwe lamwa thukuta, ngakhale chikhatho mukagwira tsaya, zonsezi zimatha kuwerengedwa ngati lamulo. Pomwe bambo amene khungu la zala zawo linakhuthala ndi kuuma chifukwa cha khasu amatha kugunda kangapo, chipangizo chili duu.

Ndiye pali nkhani yowerenga. Pa ma earbuds ambiri, kugunda kamodzi ndi kuimitsa, kawiri ndi kupita ku nyimbo ina, katatu ndi kubwerera, ngakhale kampani iliyonse ili ndi kasanjidwe kakekake. Mukagunda kamodzi, ka chip kamayamba kadikira kaye pang'ono, osakwana sekondi, kuti kaone ngati kukubwera kwachiwiri. Mukachedwa, kamatenga ngati malamulo awiri osiyana: nyimbo yaima, yayambanso. Malo ogundawo ndi ochepa ngati njere ya mtedza, ali pakhutu pomwe maso sangaone, ndipo mukaphonya mumaonjezera mphamvu, kamphira ka kunsonga n'kulowa mkati, m'khutu kumangomveka di! di! Mphamvu sithandiza kanthu pamenepa. Gundani ndi mnofu wa chala, osati chikhadabo.

Opanga nawo vutoli amalidziwa. Ma AirPods oyamba a Apple, a mu 2016, ankafuna kugogoda kawiri, koma pa AirPods Pro a mu 2019 kampaniyo inaika kachipangizo komva kufinya pa kamwendo kake. Kwa ine njira yofinyayi, kapena batani lenileni, ndiyo yoyenera dera lotentha ngati lathu, chifukwa thukuta silingafinye.

Ngati muli nawo kale ogunda, yang'anani ngati ali ndi app. Pa Galaxy Buds a Samsung, app ya Galaxy Wearable imalola kutsekeratu kumva kukhudza, n'kumagwiritsa ntchito foni. Otchipa a pamsika ambiri alibe app, ndiye muzolowere kuwagwira m'mbali powaika m'khutu. Akayamba misala, apukuteni ndi kansalu kouma, abwezereni m'kabokosi kake, tsekani, kenako muwatulutse osakhudza pamwamba, kuti ka chip kayambirenso kuyeza pali pouma.

Musanamizidwenso ndi IPX4 yolembedwa pa katoni. Imangotanthauza kuti madzi owaza saononga zamkati, osati kuti dontho silingakuimitsireni nyimbo. Pogula, pemphani wogulitsa alumikize ku foni yanu, muvale, muwakonze m'khutu kangapo nyimbo ikulira, muone ngati ikuima.