Adiresi ya IP: mulembe nokha kapena muisiyire rauta?

Chipangizo chilichonse cholowa pa netiweki, kaya ndi foni, kompyuta, pulinta kapena kamera yachitetezo, chimafunika nambala yakeyake yotchedwa adiresi ya IP. Popanda nambalayi, uthenga sudziwa kolowera. Pa dongosolo la IPv4, lomwe linakhazikitsidwa mu 1981 ndipo likadali m'nyumba ndi m'maofesi ambiri, adiresi imaoneka chonchi: 192.168.1.25. Ndi manambala anayi, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Anthu amandifunsa kawirikawiri ngati n'kwabwino kulemba okha nambalayi pa chipangizo kapena kuisiyira rauta, kabokosi kamene kamalumikiza zipangizo zanu ndi intaneti. Ine ndimati isiyireni rauta, kupatula pa zipangizo zochepa kwambiri.

M'rauta muli ntchito yotchedwa DHCP. Malamulo ake analembedwa koyamba mu 1993, nakonzedwanso mu 1997. Foni ikangolowa pa Wi-Fi imafuula kwa onse a pa netiwekipo kuti ikufuna adiresi. Rauta imasankha nambala yopanda mwini n'kuiuza foniyo, foni imavomera, rauta n'kutsimikiza. Mauthenga anayi basi, zatheka. Pamodzi ndi adiresiyo, foni imalandiranso zinthu zitatu zimene anthu ambiri saziganizira: subnet mask, yosonyeza malire a netiweki yanu, gateway, pomwe uthenga umatulukira popita ku intaneti, ndi DNS, yomwe imasandutsa dzina la webusaiti kukhala nambala.

Adiresiyi ndi yobwereka. Rauta imachita ngati kalaliki wa pa hotela: amapereka kiyi wa chipinda kwa nthawi yoikika, mlendo akachoka kiyiyo n'kupita kwa wina. Theka la nthawiyo likatha, chipangizo chimapempha chokha kuti chipitirize ndi nambala yomweyo, inu osadziwa n'komwe. N'chifukwa chake netiweki ya ma adiresi 254 okha, monga ija ya subnet mask 255.255.255.0, imatha kutumikira anthu ochuluka kuposa pamenepo obwera ndi kupita.

Mukalemba nokha, zinthu zinayi zonsezi zili m'manja mwanu. Mukaphonya nambala imodzi pa gateway, kompyuta idzaona pulinta koma intaneti ayi. Mukaphonya pa DNS, mudzaimbira foni kampani ya intaneti kuti netiweki yathawa, chikhalirecho vuto lili pa desiki panu. Laputopu yolembedwa 192.168.1.40 mukapita nayo kumalo komwe netiweki ndi ya 10.0.0.0, idzaonetsa kuti yalumikizika koma tsamba silidzatseguka ngakhale limodzi.

Koma vuto lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la zipangizo ziwiri kukhala ndi nambala imodzi. Tiyerekeze kuti rauta imagawa ma adiresi kuyambira 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.199. Wina walemba pamanja 192.168.1.105 pa pulinta, osaiuza rauta. Loweruka pulinta yazimitsidwa, pabwera munthu ndi foni yake, rauta n'kumupatsa 105 popeza m'kaundula wake nambalayo ilibe mwini. Pali marauta omwe amayamba afunsa ngati nambala ili ndi mwini asanaipereke, koma pulinta yozima siyankha. Ikadzayatsidwa foni ija ikadalipo, mkangano wayamba. Kuwawa kwake n'kwakuti zinthu sizifa kotheratu. Lero zikusindikizika, mawa zakana, madzulo zayambanso. Anthu amataya masiku akusintha mawaya, ena mpaka kugula pulinta yatsopano pomwe yakaleyo ilibe mlandu.

Sindikutsutsa kuti zipangizo zina zimafunikadi adiresi yosasintha. Pulinta ikasintha nambala, makompyuta ena amaisowa. Kamera, seva yosungira mafayilo, kapena makina omwe mwawatsegulira khomo pa rauta kuti muziwafikira muli kutali, zonsezi ziyenera kupezeka pamalo amodzi tsiku lililonse. Njira yabwino ndi kuuza rauta kuti isungire chipangizocho nambala yake. M'zoikamo za rauta zimalembedwa kuti DHCP reservation kapena address reservation. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala ina yochokera nayo kufakitale, adiresi ya MAC, ndipo inu mumangoimanga ndi adiresi ya IP yomwe mwasankha. Pulinta imapemphabe monga zinzake, koma imapatsidwa nambala yomweyomweyo, ndipo rauta siingaipereke kwa wina. Kaundula amakhala malo amodzi. Tsiku lomwe mudzasinthe DNS, mudzasintha pa rauta pokha, osati kuyenda chipinda ndi chipinda. Chenjerani ndi mafoni okha: kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, foni imabisa MAC yake yeniyeni n'kudzipangira ina pa netiweki iliyonse, choncho onetsetsani kuti mukumanga imene ikuoneka pa netiweki yanuyo.

Kulemba pamanja kumayenera pa zipangizo zomwe netiweki yatsamirapo: rauta yeniyeniyo, masiwichi a netiweki (mabokosi olumikizira mawaya a zipangizo) okhala ndi zoikamo, zofalitsira Wi-Fi, ndi seva ya DHCP ngati ili payokha. Chifukwa chake n'chosavuta. Wogawa ma adiresi akafa, mufunika kufikira zipangizozi kuti mukonze, ndiye zisamadalire yemwe wafayo. Mukatero, sankhani manambala a kunja kwa gawo lomwe rauta imagawa, mwachitsanzo 192.168.1.2 mpaka 192.168.1.20, ndipo muwalembe penapake pomwe wodzagwira ntchito m'malo mwanu adzawapeze. Nambala 0 ndi 255 kumapeto kwa adiresi pa netiweki yotere zili kale ndi ntchito zake, musazigwiritse.

Zonsezi ndi za mkati mwa netiweki yanu. Adiresi yosasintha ya kunja, imene dziko limakuonerani, mumapempha kwa kampani yokupatsani intaneti, ndipo ndi nkhani ina.

Mukaona chipangizo chili ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti chinapempha koma palibe anachiyankha, ndiye chadzipatsa chokha. Musathamangire kulemba nambala pamanja kuti mubise vutolo. Onani waya, onani ngati DHCP ndi yoyatsa, onani ngati ma adiresi ogawidwa sanathe. Ndipo ngati mwawonjezera rauta yachiwiri pa netiweki yomweyo kuti Wi-Fi ifike patali, zimitsani DHCP yake, chifukwa ogawa awiri osagwirizana amapatsa zipangizo gateway yolakwika.